Kachilombo ka Ireen ndi Shedi ya Chinkhoswe

Chinkhoswe cha Ireen chinali mawa lake, koma uthenga wochokera ku Milonde unali utafika kale: amayi ake a mnyamata, a Christobel, akubwera masana ano kudzamva ndi makutu awo ntchito imene mtsikanayo amagwira ku Blantyre, ndipo nkhuku zisaphedwe iwo asanamve. Woyenera kuwayankha anali nkhoswe ya kuchikazi, malume ake a Elson, bambo amene anthu a pa Limbuli amaopa kuwafunsa kuti adzuka bwanji chifukwa amayankhadi.

Ireen anawapeza pabwalo la amayi ake atakwera pampando, akumanga nsungwi za shedi ya alendo. Pamwamba anali atayala kale tenti yobwereka ku mpingo, ija anthu a kumalire kuno amangoti lona. Mtsikanayo mtima unali m'mwamba. Ankamukonda zenizeni Thokozani, mnyamata wodzamukwatirayo, chikondi chosagonetsa tulo, ndipo ankaganiza kuti akudziwa chimene chadzutsa apongozi akewo: mwezi watha wina anamuona akutsika minibasi ndi kabokosi kozizira, ndipo kuno anthu sanaiwale chaka chija cha anamapopa. M'kabokosimo munali soseji za amayi ake, koma nkhani ya soseji siyenda mtunda wautali ngati ya magazi.

Tsoka lake, Ireen nayenso sanali munthu wophweka. Ndi mwana uja anakana kuimba nawo ku Sande sukulu chifukwa nyimbo inkati dzuwa latuluka, pamene iye anali atangophunzira kumene kuti limene limazungulira ndi dziko. Sukulu zonse zimene anapita pambuyo pake zinangokulitsa matendawo.

"Ndikangoti ndiwe dokotala," anatero a Elson, luzi lili kukamwa. "Nkhani yatha, tiphe nkhuku."

"Sindine dokotala, malume."

"Umavala choyera. Chithunzi chili pakhoma la amayi ako."

"Ogulitsa nyama pamsika amavalanso choyera."

"Chabwino. Ndikati umapanga mankhwala."

"Sindipanga mankhwala."

"Umabaya jakisoni?"

"Ayi."

"Umayeza malungo?"

"Ayi."

A Elson analavula luzi n'kutsika pampando pang'onopang'ono. Bodza sankalitha bambo amenewa. Udokotala uja ankaunena chifukwa ankaukhulupirira, ndipo anali ataulalikira kale msika wonse mpaka kutsidya kwa Muloza. Tsopano mwini wake anali atawalanda, n'kuwasiya chimanjamanja. Anakhala pa benchi, anaika chipewa pabondo, n'kulamula kuti awapatse mawu ochepa, oti munthu akhoza kuwanena ataimirira osapumira pakati.

Ireen anayamba bwino, tisamunamizire. Anafotokoza kuti thupi la munthu linamangidwa ndi timanyumba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Kachilombo ka HIV kakalowa m'selo, kamalowetsa malangizo ake pakati pa malangizo a mwini nyumba, ndipo selo, posadziwa kuti likulamulidwa ndi mlendo, limayamba kupanga tizidutswa ta tizilombo tatsopano. Tizidutswato timapita kukhoma, timasonkhana, kenako timatuluka kukafuna nyumba ina. Ntchito yake, anatero, ndi yofufuza mmene kamatulukira.

"Ndiye iwe umakatsekera."

"Ayi. Ndimakaonerera."

"Kakutuluka."

"Eya."

"Iwe uli pomwepo."

"Pa maikulosikopu, eya. Ndimajambula."

"Umajambula." A Elson anayang'ana manja a Ireen, lamanja ndi lamanzere, kuti atsimikize kuti onse alipo. "Ngati paukwati."

"Malume, munthu sangatseke khomo asanadziwe pamene lili."

"Zimenezo ndamva. Nanga kachilomboko umakadikirira pa ndani? Wodwala amagona patebulo iwe n'kumadikira kuti katuluke?"

"Palibe wodwala. Timakachulukitsa tokha m'timabotolo."

A Elson anaimirira, anakonza kolala, n'kuyang'ana mipando yopanda anthu imene inali itandandalikidwa kudikira alendo.

"A kuchimuna, takulandirani. Mwana wathu amaweta kachilombo ku Blantyre."

"Musanene kuti kuweta."

"Kamadya?"

"Amene amadya ndi maselo."

"Kamaswana?"

"Kamachulukana."

"Kakapanda kuchulukana umasangalala?"

Yankho lanzeru linali pafupi ndithu, koma Ireen anatola loona.

"Ndimadandaula. Ndiye kuti sabata yonse yapita pachabe."

"Kumeneko ndi kuweta. Inenso nkhunda zanga zikapanda kuswa ndimadandaula."

Apa Ireen anakumbukira chinthu chimene chikanamupulumutsa. Anati nthawi zambiri amagwiritsa ntchito kachilombo kopundulidwa dala, kochotsedwa ziwalo, kamene kamatha kusonkhana ndi kutuluka koma sikangadwalitse ngakhale khanda. Nkhope ya a Elson inamasuka koyamba tsiku limenelo.

"Aaa, bwanji osanena kale? Ndiye ndi kabodza. Kachidole. Ndikati mwana wathu amaseweretsa kachilombo kabodza, musaope. Basi, wiritsani madzi a nkhuku."

"Si kabodza."

"Wanena wekha kuti sikadwalitsa."

"Koma kamatuluka ndendende ngati kenikeni. Ndipo kenikeniko ndimakagwiranso, m'chipinda cha zitseko ziwiri, nditavala magolovesi awiriawiri. Si aliyense amaloledwa kulowamo."

Ananena monyadira, chibwano chili m'mwamba, ndipo anazindikira mochedwa kuti wadzitsekera yekha njira imene malume ake anamulambulira.

"Ndinali nditapeza pothawira," anatero a Elson mofatsa. "Wandibweza wekha. Tsopano maselowo, amene ukuti amadyawo, ndi a ndani?"

Munthu wina aliyense akanangoti ndi a mu labu n'kusiya pomwepo. Ireen anati ena mwa iwo anachokera kwa mayi wina wa ku America amene anamwalira kalekale, amayi ake a Ireen asanabadwe n'komwe. Madokotala anatenga kachidutswa ka chotupa chake, ndipo maselo a pamenepo akuchulukanabe mpaka lero m'malabu a mayiko ambiri.

"Anamwalira."

"Kalekale."

"Anthu analira, anakumba, anakwirira."

"Eya."

"Koma mbali ina ili kwa iwe."

"Maselo chabe, malume. Si munthu."

"Amadya chiyani?"

"Madzi ofiirira okhala ndi shuga ndi mchere. Timawasunga pamalo ofunda, ngati mmene limafundira thupi la munthu."

"Pa Khirisimasi sunabwere. Unati uli pa ntchito."

"Maselo sadziwa Khirisimasi. Ukapanda kuwasinthira madzi amafa."

"Amafanso kachiwiri." A Elson anapukusa mutu. "Amayi ako kuno anatha mtolo wa nkhuni kukuphikira nyemba za kalongonda, iwe uli ku Blantyre ukusungunulira malemu shuga."

Anatembenukiranso ku mipando ija, manja kumbuyo ngati mkulu wa mpingo wolengeza zopereka.

"Mwana wathu ndi wachifundo kwambiri. Amasamala mayi wina womwalira. Akamukhutitsa, amamuthira kachilombo."

"Malume, mukufuna atigende?"

"Ndanama pati? Loza."

Ireen sanapeze poloza, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kuposa akanakhala kuti amunamizira. Anaganiza kuti vuto ndi lakuti sanafikebe pachimake pa nkhani. Monga anthu onse amene akhalitsa pa chinthu chimodzi, ankakhulupirira kuti aliyense wochimvetsa adzachikonda basi. Anawakoka malaya malume akewo n'kuwalowetsa pansi pa shedi.

Tentiyo, anatero, ikhale khungu la selo. Nsungwi zimene zaigwira zikhale timaulusi tina toyalana pansi pa khungulo, totchedwa akitini. Timeneto ndi timene timapatsa selo maonekedwe ake, timalithandiza kukwawa ndi kusuntha katundu m'kati mwake, ndipo timamangika n'kumasuka nthawi zonse, osati ngati nsungwi zenizeni zimene zimangokhala pamene wazisiya. Atatero anakunga chibakera n'kukankha tenti kuchokera m'kati mpaka pamwamba panatuluka chotupa.

"Tizidutswa ta kachilombo tikasonkhana apa, timakankha khungu chonchi."

"Tsitsa dzanja."

"Ndikungoonetsa."

"Tenti ndi ya mpingo. Amayi a Mvano anaiyendera yonse asanaipereke. Mabowo ake amawadziwa ngati ana awo."

"Kenako chotupacho chimamangika pakhosi n'kuduka," anapitiriza Ireen, dzanja lili pompo. "Kachilombo kamachoka katafunda chidutswa cha khungu la selo lomwelo."

"Katafunda tenti ya eni ake."

"Eya."

"Lumo kamabwera nalo?"

"Kamabwereka la selo. Selo lili ndi zida zake zodulira khungu. Kachilombo kamangoziitana."

"Ndipo zimabwera."

"Zimabwera."

"Ndiye mwini nyumba amaphikira wakuba, amamusokera malaya ndi katani ya pawindo, n'kumudulira ulusi, n'kumuperekeza. Ameneyo si wodwala. Ndi wopusa."

"Selo lilibe nzeru, malume."

"Ndaona kale."

Ireen sanagonje. Anafika tsopano pa chimene chinamudyera unyamata wake. Akatswiri, anatero, atatsegula tizilombo totuluka kale, anapeza tizidutswa ta akitini m'kati mwake, ndipo mkangano unayambira pamenepo. Ena akuti kachilombo kamayenda pa timaulusito popita kukhoma. Ena akuti timaulusito ndi timene timakakankha kuti katuluke. Ena akuti ayi, timakatchinga, kamachita kudikira mpata. Enanso akuti palibe chilichonse, timangokakamira ngati chisoso pa thalauza la munthu wodutsa m'munda. Pofotokoza zimenezi maso ake ankawala, ndipo anali ataiwala kuti kuli Milonde.

"Akatswiri okanganawo alipo ambiri?"

"Ambiri. Mayiko osiyanasiyana."

"Ali pabanja?"

"Ambiri mwa iwo, ndikukhulupirira."

"Ankhoswe awo anavutika." A Elson anausa moyo chifukwa cha anzawo osawadziwawo. "Nanga mkangano wotere umatha bwanji? Mumavota?"

"Timachotsa nsungwi n'kuona ngati kachilombo katulukebe. Pali mankhwala ochokera ku kanyama kena ka m'nyanja ya mchere, kooneka ngati chinkhupule. Ukathira pa selo, akitini yense amamasuka. Chonchi."

Asanamuletse, Ireen anagwira nsungwi ya pakona, ija a Elson anaisiya asanamalize kumanga, n'kuisolola. Shedi inakhala ngati ikuganiza kaye. Kenako mbali yonse imene inakonzedwera akuchimuna inagwada, mipando iwiri inagwa chagada, ndipo tenti ya mpingo inatsika mwaulemu pamutu pa nkhoswe.

Kenako pansi pa tenti panatuluka mawu, ndipo chodabwitsa n'chakuti anali mawu achimwemwe.

"Tsopano ndamvetsa. Muno simungatuluke munthu. Ine ndemwe, wamkulu ndi ndevu zanga, khomo sindikuliona. Nsungwi zagwa, kachilombo katsekeredwa, mwana wathu wapambana. Izi ndiye ndikanena mokweza, amve ndi a ku Mozambiki."

Ireen anangoima ndi nsungwi m'manja. Nkhuku zimene zinkadikira chigamulo chawo zinadutsa pabwalo zikutolatola.

"Iwe Ireen. Ndati katsekeredwa."

"Kanatulukabe."

Tenti inasiya kugwedezeka. Patapita nthawi a Elson anatulukira chokwawa mbali ina, chipewa chitatsalira m'kati, fumbi lili m'mawondo.

"Kanatuluka kamodzi kokha, kopulumuka mwamwayi."

"Pafupifupi monga kale. Kusiyana kunalipo, koma kochepa."

"Unayesa tsiku limodzi."

"Zaka zitatu."

"Zaka zitatu ukugwetsa shedi."

"Eya."

"Wakuba akutuluka."

"Eya."

"Iwe ukujambula."

Ireen anadziteteza ndi mphamvu zake zonse. Anati kudziwa kuti khomo si limenelo ndi nzeru ndithu, chifukwa ena sadzatayanso nthawi pamenepo. Anati m'maselo a mtundu wina zikhoza kukhala zosiyana, ndipo ndi zimene akufuna kuyesa chaka chamawa. Anatinso chilipo chimene anapeza: selo lodwala likagundana ndi labwino n'kumapatsirana kachilombo khomo ndi khomo, osadzera panja, pamenepo akitini amafunikadi, ndipo atamumasula kupatsiranako kunachepa kwambiri. A Elson anamvetsera mawu omalizawo mwachidwi chimene Ireen sanachiyembekezere.

"Ndiye mankhwala a chinkhupulewo tiwapatse anthu."

"Angafe."

"Ndi kachilombo?"

"Ndi mankhwalawo. Akitini ali m'selo lililonse. Ali m'minofu, ali mumtima. Mukamumasula yense, munthu wathera pomwepo."

"Munthu wafa."

"Eya."

"Kachilombo katuluka."

"Malume, si mankhwala a anthu amenewo. Ndi chida chofufuzira."

"Ayi, ine ndikungofuna ndizisanje bwino, ndisakasokoneze pagulu. Chimayamba n'chiyani, kufa munthu kapena kutuluka kachilombo?"

A Elson anadzutsa mipando iwiri ija, anaisasa fumbi, n'kuima patsogolo pake. Anatsokomola kamodzi monga amachitira ankhoswe onse a dziko lino.

"A kuchimuna, mwafunsa ntchito ya mwana wathu. Mwana wathu si dokotala, wakana yekha. Amaweta kachilombo m'mabotolo, kena kopunduka, kena kamphumphu. Amakaweta mwa mayi wina womwalira amene amamwa shuga. Mayiyo akakhuta, mwana wathu amamugwetsera nsungwi ndi mankhwala opha anthu, kuti aone ngati kachilombo kangatuluke. Kamatuluka. Iye amajambula. Zikomo."

Anatembenuka kuti amve ngati pali cholakwika. Panalibe, ndipo vuto linali lomwelo. Ireen anaika nsungwi pansi n'kukhala padothi ndi diresi lake la ku Blantyre. Ukali wonse unamuthera, kunatsala mantha okhaokha. Anaona m'maganizo a Christobel akudzuka pampando, akumanga chitenje, akuitana kabaza. Anaona Thokozani, amene sanatsutsanepo ndi amayi ake chibadwire, akumuimbira foni mawu ali pansipansi.

"Malume, mukanena zimenezo Thokozani ndamutaya."

Aka kanali koyamba tsiku limenelo kuti anene chinthu chosachokera m'buku, ndipo a Elson chinawakhudza. Anakhala pa benchi pafupi naye. Anati kunama sangathe, koma kusanena si kunama, ndiye achotse zina, atsale ndi zochepa. Ireen anavomera msangamsanga. Kwa kamphindi zinaoneka ngati anthu awiriwa agwirizana, chinthu chimene sichinachitikepo m'banjamo.

"Chotsani kachilombo," anatero Ireen. "Chotsani malemu, chotsani shuga. Mungonena kuti anafufuza zaka zitatu n'kupeza kuti chimene anthu ankachiganizira si chimenecho."

"Ayi. Chimenecho ndiye chochotsa. Zinazo zikhale."

"Zinazo ziti?"

"Kachilombo. Mabotolo. Zitseko ziwiri zija ndikazinena kawiri."

"Malume, n'zimene zingawathamangitse."

"Zowathamangitsa ndi zakozo."

"Zanga ndi zotsatira za kafukufuku. Zinatuluka m'magazini ya akatswiri."

"Zituluke konko. Pabwalo pano sizituluka."

"Mayi akamva kuti mwana wake akukwatira mkazi wogwira kachilombo tsiku ndi tsiku, mukuganiza kuti akhala pansi n'kumadya mpunga?"

"Mayi ameneyu akhala. Apemphanso wina."

"Mukudziwa bwanji?"

A Elson anamuyang'ana ngati munthu amene wafunsa kumene kuli phiri ataima pa Limbuli.

"A Christobel kachilombo sakaopa. Akhala nako zaka zambiri kuposa iwe, popanda firiji, popanda magolovesi. Amaimirira okha m'misonkhano n'kumanena. Ndi apampando a gulu lathu lotengerana ma ARV kuchipatala. Ulendo watha anapita iwo, ulendo ukubwerawu ndine."

Ireen anatembenuka n'kuwayang'ana kumaso.

"Gulu lanu."

"Lathu."

"Inuyo, malume?"

"Ineyo. Amayi ako amadziwa. Abusa amadziwa. Wakabaza amene amanditenga amadziwa, amachita kundikumbutsa tsiku."

"Ine bwanji simunandiuze?"

"Iwe ukabwera kuno umafikira kufotokoza. Sufikira kufunsa."

Sananene mokwiya. Ananena monga ankanenera china chilichonse, ngati munthu wotchula mtengo wa chinangwa, ndipo n'chifukwa chake zinalasa. Ireen anachita manyazi aakulu, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni ndi chikondi chimene sanadziwe pochiika. M'mawa wonse anali akukankha tenti ndi chibakera, kuphunzitsa bamboyu za chinthu chimene chinali m'magazi mwake pamene ankamangira mwana wa mlongo wake shedi. Anayang'ana manja awo okhakhala, odulidwadulidwa ndi luzi, ndipo anafuna kuwagwira, koma m'banja lawo zogwiranagwirana kunalibe.

"Muli bwino koma?"

"Ndili bwino. Kuchipatala akuti kagona, sikakuonekanso pa makina. Bondo ili ndiye likundivuta, ndiponso pali wina wandigwetsera shedi pamutu."

Ireen anaseka, misozi ili m'maso. Kenako anafunsa chimene chinatsala: ngati a Christobel saopa, nanga akudzafuna chiyani, ndipo nkhuku aziimitsiranji?

A Elson anafotokoza akulowetsa dzanja pansi pa tenti kufunafuna chipewa. Kuyambira tsiku limene Thokozani anatchula ntchito ya bwenzi lake, a Christobel sanagone. Anauza gulu lonse kuti Mulungu wayankha, mpongozi wawo ndi amene akukathetsa kachilombo ku Blantyre, ndipo posachedwa anthu asiya kumeza mapiritsi. Ena m'gulumo anatsutsa, akuti mayiwa akudzitama, mtsikanayo mwina amangosesa m'chipatala. Ndiye a Christobel analumbira kuti akamva okha kwa nkhoswe, pamaso pa mboni, kuti mpongoziyo amagwiradi kachilomboko ndi manja ake, ndipo ngati Thokozani anawanamiza n'kuwachititsa manyazi pagulu, chinkhoswe chidikire.

"Pamaso pa mboni," anabwereza Ireen.

Kumsewu kunamveka mabelu a njinga, osati limodzi. Anasuzumira pampanda. Makabaza anali atandandalikana kuchokera kumsika, kumbuyo kwa iliyonse kuli munthu wovala za ku tchalitchi. Patsogolo panali a Christobel, mayi wamkulu thupi, duku lofiira, atakhala chammbali, akuloza nyumba ndi ambulera ngati mwini wake.

"Ndiye sandikana?"

"Akukane kuti upite nako kuti?" A Elson anavala chipewa, anatola nsungwi ija n'kumupatsa. "Imika apa, ugwire zolimba, ndimange. Kachilombo, malemu, shuga, zitseko ziwiri, zonsezo ndinena ine, ndi ntchito ya nkhoswe. Aombera m'manja, uona."

"Nanga akafunsa kuti ndafika pati?"

"Afunsa. Lero, mawa, ndi tsiku lililonse limene udzawapatse moni." Anakoka luzi ndi mano n'kumanga mfundo. "Zoti kanatulukabe udzawauza wekha, pang'onopang'ono. Uli ndi zaka zonse za ukwati wako."